Zithunzi Zimene Amayi Anatentha ku Ongar

Amayi anga anabwera ku Dublin chaka chimene ntchito zinatha. Makileni onyamula zipangizo zomangira, amene ankazungulira pamwamba pa mzinda, anali atangoti zii, nyumba zatsopano za mbali yathu ya Ongar zinatsala zopanda mawindo, ndipo mwamuna wanga, amene ankalumikiza magetsi m'nyumba zimenezo, anauzidwa kuti apite kunyumba akadikire foni. Foniyo sinkalira. Ine ndinali ndikadali pa ntchito yanga yosamalira okalamba ku Santry, mabasi awiri popita, awiri pobwera. Tinali ndi mwana wakhanda, ndiye aliyense wofunsa tinkamuuza kuti amayi abwera kudzalera mdzukulu. Anzanga a kutchalitchi sanachedwe kufunsa ngati bambo a mwanayo, amene ankakhala pakhomo tsiku lonse, anathyoka manja. Ndinkangoseka. Chifukwa chenicheni ndinkachidziwa ndekha.

Ndinkafuna bambo anga. Sindinawaonepo, ngakhale pachithunzi. Anatengedwa amayi ali ndi pakati pa ine, nthawi imene kwathu kunali chipani chimodzi ndi munthu mmodzi, ena tonse tili owombera m'manja. Ndinkangodziwa kuti anali mphunzitsi wa pulaimale, kuti anakwezedwa galimoto, ndi kuti sanabwerenso. Ndili mwana ndikafunsa, amayi ankanditsina ntchafu n'kuyang'ana kuchitseko. Zinthu zitasintha, anthu atayamba kunena za abale awo poyera, ndinafunsanso. Anandiyankha kuti nkhuku zikudya ufa panja, ndikaziingitse. Tsopano anali atakalamba, shuga ndi BP zikuwakoka uku ndi uku, ndipo akuchimuna onse amene ankawadziwa bambo anali atatha. Ndinaganiza kuti ndikawaolotsa nyanja, kutali ndi makutu onse amene ankawaopa, pakamwa padzatseguka. Ndinkaopa kuti akadzapita adzapita nawo bambo anga onse.

Fulati yathu inali ya zipinda ziwiri ndi kanjira kopapatiza pakati. Amene anaimanga sankadziwa za mkamwini ndi apongozi. Kwathu awiriwa sayang'anana m'maso, sadyera pamodzi, akaonana panjira wina amapatukira kutchire. Nanga m'kanjira kamene kaja tchire likanachokera kuti? Mwamuna wanga akamachokera kubafa amayi n'kutulukira, onse ankabwerera m'mbuyo, aliyense n'kutseka chitseko chake, n'kumadikira mnzake kuti adutse. Tsiku lina ndinawapeza atadikirana mpaka tiyi anazizira. Amayi akafuna kunena kanthu kwa mkamwini wawo ankauza khanda lili kumsana. "Iwe, uwauze bambo ako kuti chakudya chapsa." Mwamuna wanga nayenso ankayankha khanda lomwelo: "Uwauze agogo kuti zikomo." Mwanayo anagwira ntchito yaukazembe asanamere dzino.

Za bambo, ndinayesa njira zonse. Ndinkayamba ndi nkhani za ukwati wawo, ndi za sukulu imene ankakhala, ndi za mtengo wa mango umene ndinamva kuti unali pakhomo. Amayi ankafotokoza mangowo bwinobwino, kukoma kwake ndi ulusi wake, koma tikangoyandikira munthu amene anaubzala, ankadzuka kukaona ngati matewera auma. Ndinkapsa mtima. Ndinkati chamumtima, mayi uyu ndi wouma mtima, akundimana dala chinthu chimene chili changa.

Chimene chinawasowetsa mtendere ku Dublin sichinali kuzizira, chinali wailesi. Masiku amenewo anthu a dziko lino anali okwiya, ndipo ankaimba foni ku wailesi kuyambira m'mawa kutukwana boma lawo, kutchula nduna mayina n'kumazinena kuti ndi mbava. Amayi Chingerezi ankachimva pang'ono, koma mkwiyo sufuna womasulira. Tsiku lina anandifunsa kuti bambo amene akulankhula pa wailesiyo akukalipira ndani. Nditawauza, anaika kapu pansi.

"Ndipo watchula dzina lake iyeyo? Ndi kumene amakhala?"

"Eya, amayi. Kuno zimatheka."

"Ali ndi ana?"

Anadzuka n'kukatseka windo, ngakhale kuti tinali pansanjika yachitatu ndipo kunja kunali mvula yokha.

Mwamuna wanga ndi munthu wofatsa, koma ulova unamusandutsa wandale. Ankaimbirana foni ndi anzake a kusayiti kumene ankamanga nyumba kuja, Aairishi ndi Apolishi, n'kumakuwa kuti mabanki adya, boma lawapukuta pakamwa, ife ndiye tilipire mbale. Ankadula nkhani m'nyuzi n'kumazimata pafiliji. Akangoyamba kukweza mawu, amayi ankayamba nyimbo ya kutchalitchi kukhitchini, mokweza, akugubuduza mapoto. Poyamba ndinkayesa kuti mzimu wawagwira. Ndinazindikira mochedwa kuti ankaphimba mawu a mkamwini wawo kuti a fulati yoyandikana asamve.

Kenako kunamveka kuti Loweruka lina kudzakhala march, anthu adzayenda m'tauni kusonyeza mkwiyo wawo, ndipo mwamuna wanga anati apita. Ananena tikudya, amayi ali kuchipinda ndi mbale yawo monga mwa masiku onse. Tinangoona chitseko chatseguka. Amayi anabwera mpaka pamene panali mkamwini wawo, n'kugwada pakapeti. Sanauze khanda. Anamuyang'ana iye mwini, koyamba chibwerereni.

"Bambo, ndagwira mwendo wanu. Musapite. Boma silitukwanidwa. Likhoza kuseka lero, koma limalemba."

Mwamuna wanga anasowa poyang'ana. Anaimirira, anakhalanso, kenako nayenso anagwada, anthu awiri akuluakulu atagwadirana pakati pa tebulo ndi TV.

"Amayi, kuno ndi kwina. Palibe amene amatengedwa chifukwa cha march. Ngakhale apolisi amangotiperekeza."

"Nafenso ankatiperekeza," anatero amayi.

Mwamuna wanga anawalonjeza kuti sapita. Titalowa kuchipinda anandinong'oneza kuti apita basi, anzake adzamutenga pagalimoto, amayi tidzawauza kuti wapita kukafunsa ntchito. Ine ndinavomera. Ndinkaona ngati tikuwachitira chifundo.

Loweruka limenelo ndinali pa ntchito kuyambira m'mawa. Ndinatsika basi ku Ongar chakumadzulo, magetsi a mumsewu atayamba kale kuyaka monga zimakhalira nyengo yozizira. Ndili patali ndinamva alamu ya moto ikulira, ndipo nditayandikira ndinaona kuti ndi mdadada wathu. Anthu anali panja atafunda majekete, ena atanyamula ana. Ndinakwera masitepe mothamanga. Pakhomo pathu panali bambo woyang'anira nyumbazo, Mwairishi wamtali wovala jekete yachikasu yonyezimira, akumenya chitseko ndi chikhatho. Utsi unkatuluka pansi pa chitseko. Anandiuza kuti wagogoda nthawi yaitali, akumva mwana akulira m'katimo, koma palibe akutsegula.

Ndinatsegula ndi kiyi wanga. Amayi anali chiimire pakati pa balaza, atavala jekete yanga yaikulu, mwana ali kumsana, chikwama chawo chomangamanga chili pamapazi. Ataona jekete yachikasu kumbuyo kwanga anagwa maondo pansi n'kukweza manja onse awiri. Chingerezi chimene sindinkadziwa kuti ali nacho chinatuluka chokha.

"I don't know him, bwana. I don't know him. Me, I don't know."

Bambo uja anangoti kukamwa yasa. Anadutsa n'kupita kukhitchini, n'kutsegula mpopi. Moto unali mu sinki, ndipo unali utatsala pang'ono kuzima wokha. Anatsegula mawindo, anakazimitsa alamu, anafunsa ngati mwana akupuma bwino, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati amayi amaiwalaiwala. Ndinati ayi. Anandigwira paphewa n'kutuluka.

Ndinamasula mwana kumsana kwawo, ndinamuyamwitsa mpaka anatonthola, kenako ndinapita kukaona mu sinki. Zodula za m'nyuzi zija zinali phulusa, ndipo zimenezo sindinadandaule nazo. Koma pakhoma panali misomali yokhayokha. Chithunzi chathu cha ukwati, cha ubatizo wa mwana, cha mwamuna wanga atavala chipewa cha kusayiti, zonse anali atazichotsa m'mafelemu, mafelemuwo n'kuwasanja bwinobwino pansi pa sofa. Buku la zithunzi za ukwati linali makatoni okha. Zinajambulidwa kwathu kalekale ndi munthu wa kamera ya filimu, ndipo kunalibe kwina kumene tikanazipezanso. Pakona pa sinki panatsala kachidutswa kosapsa, koonetsa mpango wobiriwira ndi khutu. Ndinauzindikira mpangowo. Chinali chithunzi cha mwamuna wanga ali ndi malemu amayi ake, chimodzi chokhacho chimene anali nacho.

Ndinakalipa. Sindibisa, ndinakalipa mpaka mawu anasasa. Ndinawafunsa ngati apenga, ngati akufuna kutiphera mwana ndi utsi, ngati akufuna atithamangitse m'nyumba ya eni nthawi imene ntchito kulibe. Ndinati munandimana bambo anga, lero mwayamba kumana mwana wanga bambo ake? Amayi anali atakhala pansi, miyendo atatambasula, akundiyang'ana ngati ine ndiye wosamvetsa.

"Amutenga," anatero. "Ndaona ndi maso angawa pawindo. Galimoto yakuda, amuna awiri. Wina anamugwira paphewa, anamulowetsa kumbuyo. Sanatenge ndi chikwama chomwe. Ndiye pa TV ndaona apolisi ali pa mahatchi. Akamaliza ndi iye abwera kuno kudzasecha. Ukanafuna apeze chiyani?"

Mkwiyo wanga unathera pomwepo, ndipo m'malo mwake munalowa chisoni chimene sindinachimvepo. Ndinaimba foni. Mwamuna wanga anayankha ali m'bala ina ku Parnell Street, kumbuyo kukumveka phokoso ndi kuseka, akuti march yayenda bwino, akungomwa kamodzi kuti atenthe m'thupi. Ndinati abwere msanga, ndipo ndinaika foni pakhutu pa amayi. Anamvetsera, n'kuibweza.

"Amawauza zonena," anatero. "Ndikhulupirira ndikamuona."

Ndinayamba kuwola phulusa mu sinki ndi manja, n'kumaliika m'jumbo. Amayi anadzuka n'kudzaima pambali panga, akupukuta madontho akuda pamatailosi. Tonse tinkayang'ana ntchito, osayang'anana. Ndi mmene anayambira kulankhula, popanda ine kufunsa.

Anati bambo anatengedwa Lachitatu, nthawi ya buleki, ana asukulu akuona. Mlandu wake sanauzidwe ndi aliyense. Ena ankati anakana kutulutsa ana m'kalasi kuti akayeserere nyimbo zolandirira mtsogoleri, mayeso ali pafupi. Ena ankati anaseka pamene samayenera kuseka. Mkazi wa mphunzitsi wamkulu ndi amene anabwera akuthamanga kudzera kuseri kwa nyumba, n'kunena mawu awiri okha: tenthani zonse. Aliyense nthawi imeneyo ankadziwa mwambo wake, monga mmene timadziwira zochita pakagwa maliro. Munthu akatengedwa, a pakhomo ankatentha mabuku ake, makalata ndi zithunzi, chifukwa aliyense wopezeka naye pachithunzi ankafunsidwa kuti ankakambirana chiyani tsiku limenelo. Pa chithunzi cha ukwati wawo panali achimwene awo a amayi, ankhoswe, ndi aphunzitsi anzawo. Amayi anasonkha moto m'bafa la udzu n'kutentha chimodzichimodzi, phulusa n'kulitaya m'chimbudzi. Osecha atabwera anapeza nyumba yopanda munthu amene anakhalamo.

"Achimwene anga anafa ndi ukalamba," anatero amayi. "Ankhoswe aja anafa ndi ukalamba. Ndinatentha bwino."

Sizinathere pomwepo. Anyamata a chipani a malaya ofiira anaitanitsa msonkhano pabwalo la sukulu, n'kuwaimiritsa amayi kutsogolo, mimba ili apo. Anawafunsa ngati akumudziwa munthu woukira uja. Anati sakumudziwa. Anawauza kuti akweze mawu, akumbuyo sakumva. Anakweza. Nyumba ya sukulu anawalanda sabata yomweyo. Mtsogoleri atabwera kudzayendera chigawo chathu, amayi anali m'gulu la amayi ovina, atavala nsalu yokhala ndi nkhope yake, nkhopeyo itakhala pamimba pamene ndinali ine. Anavina kutsogolo kuti aoneke. Maliro sanalire, tsitsi sanamete, chifukwa kulira munthu wotero kunali kuvomera kuti unali naye limodzi, komanso panalibe amene anabwera kudzanena kuti wamwalira.

"Mpaka lero palibe wandiuza," anatero, akufinya kansanza. "Ndiye ndikanalira tsiku liti?"

Tinamva kiyi pachitseko. Mwamuna wanga analowa atanyowa, masaya akuwala, kachikwangwani kopindika kali kukhwapa. Anaona misomali pakhoma, anamva fungo, anandiyang'ana. Ndinamuonetsa kachidutswa ka mpango wobiriwira kaja. Anakatenga, n'kukayang'anitsitsa. Ndinamufotokozera mwachidule. Anaika kachidutswako m'thumba la shati, anavula nsapato, n'kupita kukagwada patali pang'ono ndi amayi.

"Amayi, ndabwera. Ndinakunamizani, pepani. Aja ndi anzanga a kuntchito."

Amayi anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Anamuuza kuti atambasule manja, n'kuona zala zonse ngati zilipo. Kenako analira. Sikunali kulira kwa manyazi kapena kopepesa. Kunali kulira kwa pamaliro, kokweza, kotchula munthu, kumene akazi a kwathu amalira atagwira kumutu. Ndipo amene ankamutchula sanali mkamwini wawo. Aka kanali koyamba kumva dzina la bambo anga likutuluka pakamwa pawo. A fulati yoyandikana anagogoda kufunsa ngati zonse zili bwino, mwamuna wanga n'kuwauza pachitseko kuti kwathu kwagwa maliro. Sananame.

M'mawa mwake tinapita ku Misa, ndipo pobwera mwamuna wanga anatsogola ndi mwana, ine ndi amayi tikuyenda pang'onopang'ono chifukwa cha miyendo yawo. Tinadutsa nyumba zosatha zija, mapepala apulasitiki akukupiza m'mawindo. Mtima wanga unali utapepuka. Ndinkati chitseko chatseguka tsopano, zotsalazo zibwera zokha. Ndinawagwira mkono n'kufunsa chimene ndinakhala ndikufuna moyo wanga wonse.

"Amayi, nanga ankaoneka bwanji? Anali wamtali? Ndinatengera iwo mphuno iyi?"

Anapitiriza kuyenda, ndipo ndinayamba kuopa kuti abwereranso ku nkhuku ndi matewera. Kenako anaima, n'kundiyang'ana nkhope yonse, pamphumi, m'maso, pachibwano, ngati munthu wofunafuna ndalama yake pamchenga.

"Mwana wanga, umayesa ndimakumana?"

Anatembenukira kunjira, n'kupitiriza kulankhula.

"Zaka zoyamba ndinkadziletsa kumuganiza. Ndinkaopa kuti ndingamutchule kutulo, wina n'kumva. Akabwera m'maso ndinkamuthamangitsa. Zitasintha zinthu ndinati tsopano abwere, ndinamuitana. Sanabwere. Ndikudziwa kuti anali ndi shati yabuluu. Ndikudziwa kuti ankatsokomola asanalowe m'nyumba. Koma pamene payenera kukhala nkhope palibe kanthu. Iwe ukandifunsa ndinkachita manyazi. Mkazi wanji woiwala nkhope ya mwamuna wake?"

Ndinati mwina akaona wachibale wofanana nawo akhoza kukumbukira. Anapukusa mutu.

"Ndakuyang'ana iwe kuyambira tsiku limene unabadwa. Sindikudziwa ngati ali mwa iwe kapena ayi." Anakoka mpango wawo kuphimba makutu, chifukwa mphepo inali itayamba. "Koma uja wa pansalu, ndipatse pepala ndikujambulire pompano. Ndi timakwinya take tomwe."

Anabwerera kwathu nyengo yozizira isanathe, ndipo anamwalira chaka chotsatira. Ndinapita kukaika maliro, ndipo pometa ndinauza akuluakulu a pamudzi kuti ine ndikumetera anthu awiri.